Ndinachotsa kapinga kuti ndibzale maluwa a njuchi: zomwe zinandichitikira m'zaka zitatu

Maganizo ochotsa kapinga anandibwerera tsiku lina masana nditakhala pakhonde. Mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka 7, anapatsidwa ntchito kusukulu yoti akhale panja kwa mphindi 10 n'kulemba tizilombo tonse timene tingatere pa zomera. Anakhala pa kapinga wathu wobiriwira bwino uja, kope lili pamiyendo, maso ali tcheru. Nthawi itakwana anabwera kwa ine n'kunena kuti, "Amayi, ndilembe chiyani? Palibe chomwe chabwera." Ndinayang'ana bwalo lija, n'kuona kuti mwanayo akunena zoona. Panali zii. Malo amene ndinkawathirira chilimwe chonse ndi kuwatchetcha mlungu uliwonse m'dzinja sankadyetsa ngakhale kagulugufe kamodzi.

Malowo si aakulu, ndi mamita 6 m'lifupi, mamita 8 m'litali. Nditayamba kuwerenga za tizilombo tonyamula mungu ndinadabwa kumva kuti padziko lonse pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri mwa iyo sikhala m'ming'oma, sipanganso uchi woti munthu n'kufula. Ndinamvanso kuti mwa zomera 10 zilizonse zam'tchire zochita maluwa, pafupifupi 9 zimadalira tizilombo kapena nyama zina kuti mungu uchoke pa duwa lina kukafika pa linzake. Ndinatsimikiza mtima kuti pamalo pa kapinga ndibzale chomera choyanga pansi, chochita maluwa, komanso chachibadwidwe cha m'dera lathu, chimene tizilombo tathu tinachizolowera kuyambira kalekale. Maganizo anali abwino. Koma ndinkafuna kuti zonse zitheke m'nyengo imodzi, ndipo phuma limeneli ndi limene linanditayitsa nthawi, ndalama, ndi njuchi zomwe ndinkafuna kuzithandiza.

Ndinapita ku nazale ina n'kufotokoza zomwe ndikufuna. Wogulitsa anandilozera chomera cha masamba onyezimira ndi maluwa achikasu ngati timpendadzuwa ting'onoting'ono. Anati, "Mayi, tengani ichi. Chimamera paliponse, ngakhale m'mbali mwa misewu mumachiona, sichivuta." Mawu akuti chimamera paliponse ine ndinawamva ngati akutanthauza kuti ndi chakwathu. Sindinafunse dzina lake. Ndinagula machubu 60, n'kulima kapinga ndi khasu, n'kubzala tsiku lomwelo.

Chinakuladi mofulumira. Pomatha miyezi itatu bwalo lonse linali litakutidwa, ndipo ndinkasangalala. Mwezi wachinayi chinayamba kukwera tizitsamba ta m'mbali, kuunjikana mpaka kufika m'katumba, kenako chinadutsa pansi pa mpanda n'kulowa kwa oyandikana nafe. Kumeneko kumakhala amayi ena achikulire amene anagwira ntchito yosamalira zomera kwa zaka zambiri. Anandiitana pampanda atagwira kanthambi m'manja, n'kundifunsa modekha kuti, "Mwanangu, ichi mwachitenga kuti?" Nditawafotokozera anandiuza kuti dzina lake ndi Sphagneticola trilobata, ena amachitchula kuti Wedelia kapena Singapore daisy. Kwawo kwenikweni ndi ku Central America ndi ku zilumba za Caribbean, ndipo chili pa mndandanda wa zamoyo 100 zobwera zowononga kwambiri umene akatswiri a bungwe loona za kuteteza chilengedwe padziko lonse la IUCN anatulutsa mu 2000. Chimaoneka m'mbali mwa misewu chifukwa chinathawa m'mabwalo a anthu n'kukapha zomera zomwe zinkamera kumeneko.

Ndinachita manyazi, ndinamvanso chisoni. Kunena zoona, njuchi zina zinkatera pa maluwa achikasu aja, choncho sindinganene kuti analibe ntchito n'komwe. Koma ine ndinkafuna kuthandiza chilengedwe, ndipo ndinali nditabweretsa chinthu chimene chimakankha zomera zenizeni za m'deralo. Safunsa anadya phula. Ndikanadziwa, ndikanakana kugula chomera chilichonse chimene wogulitsa sakudziwa dzina lake la sayansi. Dzina limenelo ndi limene limakuthandizani kufufuza m'mabuku kapena pa intaneti kuti chomeracho kwawo n'kuti. Kumera m'tchire si umboni woti chomera ndi chachibadwidwe cha pamalopo.

Kuchichotsa kunanditengera Loweruka zisanu zotsatizana. Apanso ndinalakwitsa koyamba, chifukwa zimene ndinazula tsiku loyamba ndinakaziponya pa mulu wa kompositi, ndipo patatha milungu iwiri mulu wonse unali utaphuka. Kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kamatulutsa mizu. Zotsalazo ndinaziika m'matumba akuda apulasitiki, n'kumanga, n'kuzisiya padzuwa mpaka zitaoleratu. Musaziponye m'ngalande kapena kuseri kwa mpanda, chifukwa mukatero mwangozibzala kwina.

Amayi achikulire aja ndi amene anandionetsa chomera chimene chili pabwalo langa lero. Chinali pakona ya bwalo lawo, chotsika kwambiri moti sichinkapitirira m'kakolo. Masamba ake ndi aang'ono, amamera awiriawiri moyang'anana, ndipo ali ndi timano kunsonga. Timitu ta maluwa n'tating'ono ngati kansonga ka chala, pakati pofiirira, pozungulira pali timaluwa toyera tosakanikirana ndi pinki. Nditagwada kuti ndichione bwino ndinamva kulira kwa tinjuchi tambirimbiri, tina tating'ono kwambiri moti ndikanakhala chiimire sindikanationa. Dzina lake ndi Phyla nodiflora, pa Chingerezi ena amati frogfruit. Ndi cha banja limodzi ndi lantana ndi verbena. Katswiri wa zomera Carl Linnaeus anachilemba mu 1753 ndi dzina lakuti Verbena nodiflora, kenako mu 1899 katswiri wina, Edward Lee Greene, anachisamutsira ku gulu la Phyla. Chimamera chokha m'madera ambiri otentha padziko lapansi, makamaka pamalo pachinyontho, koma chimapiriranso chilala.

Ndisanapitirire ndikuchenjezeni. Sindikunena kuti aliyense abzale chomera chimenechi. Mbale wake wotchedwa Phyla canescens anatengedwa kupita ku Australia, ndipo kumeneko wawononga malo odyetsera ziweto m'chigwa cha mitsinje ya Murray ndi Darling. Chomera chokoma kwina chikhoza kukhala mliri kwina. Fufuzani chimene chili chachibadwidwe komwe mukukhala, ndipo funsani munthu amene amazidziwadi zomera, osati amene akungofuna kugulitsa.

Ndinapatsidwa thumba la nthambi zake ndipo ndinabwerera kunyumba ndi chimwemwe. Bwalo linkaoneka lopanda kanthu pambuyo pochotsa maluwa achikasu aja, ndiye ndinaligalauza ndi khasu, n'kuphwanya zibuma, n'kusalaza. Nthambi zija ndinazidula tizidutswa 120 n'kuzizika mwachindunji m'nthaka motalikirana masentimita 60, dzuwa likuswa mtengo. Theka lake linauma mlungu usanathe, ngakhale ndinkathirira m'mawa ndi madzulo. Zotsalazo zinagwira, koma m'mipata ikuluikulu ija munamera mdani amene ndinkaganiza kuti ndinathana naye kale.

Kapinga safa ndi khasu. Amayanga pamwamba, amayendanso pansi pa nthaka ndi mitsitsi yoyera yokhala ndi mfundo. Pogalauza paja ndinangoidula mitsitsiyo tizidutswa n'kuimwaza bwalo lonse, ndipo chidutswa chilichonse chinasanduka kapinga watsopano. Madzi amene ndinkathirira maluwa anga ndi amene anamudzutsa. Dawe nayenso anatulukira. Vuto lalikulu linali lakuti chomera changa chimazika mizu pa mfundo iliyonse, kapinga nayenso chimodzimodzi, moti ziwirizi zinalukana ngati mphasa. Ndikakoka kapinga, maluwa ankazuka naye limodzi. Ndinalimbana nazo miyezi iwiri, mawondo ali pansi, zala zikutuluka matuza. Tsiku lina madzulo ndinangokhala pakati pa bwalo n'kulira. Bambo a kunyumba anabwera n'kukhala pambali panga. Anati, "Amake mwana, bwanji tingomusiya kapingayu abwerere? Mwayesetsa ndithu." Sanalankhule monyoza, ankandimvera chisoni. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Chinandigwira mtima n'chakuti pa tizigamba tochepa pamene maluwa anapambana, tinjuchi tinali titayamba kale kubwera.

Chaka choyamba chinatha choncho, popanda chooneka.

Chaka chachiwiri ndinayamba ndi nthaka, osati ndi maluwa. Zomera zimene zinapulumuka ndinazizula mosamala, n'kuchotsa kamtsitsi kalikonse ka kapinga, n'kuzibzala pa kabedi kapadera kuseri kwa nyumba kuti zizindipatsa mbewu. Bwalo lonse ndinalitchetcha mpaka pansi, n'kulithirira kwambiri, kenako n'kuyala makatoni. Makatoniwo ndinayamba ndawachotsa selotepi ndi timawaya, ndipo poyala ndinkaonetsetsa kuti lina likukwera pa linzake ndi masentimita 20, chifukwa kapinga amafunafuna kampata kalikonse kolowera kuwala. Pamwamba ndinathira masamba ouma ndi udzu wopanda njere, kuchindikala kwake masentimita 10. M'mbali monse ndinakumba kangalande kakuya masentimita 20 kuti kapinga wakunja akamalowa ndizimuona. Ndinadikira milungu 10.

Kudikira kumeneko kunali kovuta kuposa kulima. Bwalo linkaoneka ngati kudzala, ndipo alendo ankafunsa ngati tikufuna kumangapo. Pali zinthu ziwiri zimene palibe anandiuza. Choyamba, dawe amaboola katoni. Nsonga yake ndi yakuthwa, ndipo pansi ali ndi timbatata tosunga chakudya. Njira yokha imene inandithandiza ndi kumuzula akangotuluka, asanachite masamba ambiri, mobwerezabwereza, mpaka timbatata tija titatopa. Chachiwiri, katoni yonyowa imaitana chiswe. Pakati pa bwalo sindinadandaule nacho, koma nditachiona chikuyandikira khoma ndinachotsa makatoni onse a pafupi ndi nyumba n'kusiya mpata wa theka la mita, umene ndinkaupalira ndi manja. Ngati nyumba yanu ili ndi matabwa pafupi ndi nthaka, samalani kwambiri pamenepa. Kapinga sanatheretu, koma nditavundukula ndinapeza mitsitsi yambiri itafooka, yoyera mbee, yosavuta kuisolola yonse ndi foloko ya m'munda m'malo moidula ndi khasu.

Milungu 10 imeneyo ndinaigwiritsa ntchito yokonza mbande. Ndinkadula tinthambi totalika masentimita 10 mpaka 15, tokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu, n'kutigoneka m'timachubu mwa mchenga wosakaniza ndi kompositi, mfundo imodzi itakwiririka. Ndinkatisunga pamthunzi, dothi lili lachinyezi koma losanyowa kwambiri. Pomatha milungu itatu mizu inali itatuluka. Ndinawerengera kuti pobzala motalikirana masentimita 30, sikweya mita imodzi imafuna mbande pafupifupi 11, ndiye bwalo langa lonse likanafuna zoposa 500. Ndinakonza 400, chifukwa malo ena ndinkafuna kuwasiyira tizitsamba. Kugula mbande zochuluka choncho sindikanakwanitsa, koma kabedi kakuseri kaja kanandipatsa zonse popanda kulipira. Ngati mukutenga mbewu kwa mnzanu kapena kutchire komwe n'kololedwa, dulani tinthambi pang'ono chabe, musazule chitsa chonse.

Ndinabzala mvula itayamba kugwa mokhazikika, ndipo ndinkabzala madzulo. Masiku amene mvula yadula ndinkathirira tsiku lililonse kwa milungu iwiri yoyambirira, kenako kawiri pamlungu, kenako ndinasiya. Mwa mbande 400 zija zinafa zosakwana 20. Mlungu uliwonse ndinkazungulira bwalo kwa mphindi zochepa ndi kampeni, kuzula udzu uliwonse ukadali waung'ono. Ntchito yaing'ono imeneyi ndi imene inapulumutsa bwalo, chifukwa udzu wa masamba awiri umazuka ndi zala, pamene wa mwezi umodzi umakhala utalukana kale. Patatha miyezi inayi mipata inatsekeka.

Phuma linandipezabe. Nditaona kuti mbali ina ikuchedwa, ndinamwaza feteleza wobiriwitsa masamba, wa nayitirojeni wambiri. Mbali imeneyo inabiriwira kwambiri, masamba anakula, koma maluwa anachepa poyerekeza ndi mbali imene sindinathire kanthu. Udzu nawo unasangalala ndi fetelezayo. Kuyambira pamenepo sindithiranso kalikonse kupatula kompositi pang'ono pamene nthaka yagugiratu. Zomera zambiri zam'tchire zinazolowera nthaka yopanda chonde chambiri, ndipo mukazidyetsa kwambiri zimalimbikira masamba n'kuiwala maluwa.

Maluwa atachuluka, bwalo linasintha mwa njira imene sindingathe kuifotokoza mokwanira. Kamutu kalikonse kamatsegula timaluwa take mozungulira ngati mphete, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, choncho kamakhala kakupereka timadzi totsekemera kwa nthawi yaitali. Dzuwa likangotentha pang'ono m'mawa, tizilombo tinkayamba kufika. Panali njuchi za uchi zimene tonse timazidziwa, panali tinjuchi takuda tating'ono, tina tonyezimira mobiriwira, timavu towonda, agulugufe aang'ono otuwa ndi abuluu, komanso ntchentche zina zamizeremizere ngati njuchi zimene zimaima malo amodzi m'malere. Ndinkadzuka m'mawa n'kukhala pakhonde osafuna kulowa m'nyumba. Ndinkaona kuti misozi ija sinapite pachabe.

Kenako ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandiwawa.

M'mbali mwa bwalo ndinali ndi marozi atatu, ndipo anagwidwa ndi nsabwe za zomera. Nsonga zake zinapiringizika, masamba ankamata. Ndinagula mankhwala, n'kusungunula, n'kupopera m'mawa cha m'ma 9 koloko, kukuwomba kamphepo. Sindinawerenge pepala la pa botolo kupitirira pamene panalembedwa muyezo. M'maganizo mwanga ndinkapopera marozi, osati maluwa apansi. Madzulo ake ndinapeza njuchi zikugudubuzika pansi, zina zikunjenjemera, zikulephera kuuluka. M'mawa mwake ndinatola zakufa zoposa 40 pa simenti ya pakhonde ndi m'mbali mwa bwalo, ndipo zimenezo ndi zomwe ndinaziona, osawerengera tating'ono timene tinagwera m'masamba kapena tinakafera kwina. Mwana wanga anandifunsa kuti, "Amayi, zadwala chiyani?" Ndinamuuza zoona, kuti ndine ndazipha ndi mankhwala posadziwa. Mawuwo anatuluka movutikira.

Nditawerenga pepala lija bwinobwino ndinapeza kuti mankhwalawo anali ndi imidacloprid, ndipo chenjezo lakuti ndi oopsa kwa njuchi linalembedwa pomwepo. Mankhwala amenewa ali m'gulu la neonicotinoid. Sangokhala pamwamba pa tsamba, amalowa m'thupi mwa chomera n'kufika mu mungu ndi m'timadzi ta m'maluwa, moti njuchi ikhoza kuwadya patapita masiku chipopereni. Mu 2018 mayiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito panja mitundu itatu ya mankhwalawa, imidacloprid, clothianidin ndi thiamethoxam, chifukwa cha kuopsa kwake kwa njuchi. Ine ndinali nditaitana njuchi ndi maluwa, n'kuziikira poizoni pomwepo. Tsiku lomwelo ndinameta maluwa onse apansi, n'kudula maluwa ndi timphukira tonse ta marozi, n'kuzitaya m'matumba. Marozi ndinapitiriza kuwathothola maluwa nyengo yonseyo. Bwalo linakhala zii kwa milungu ingapo, ngati tsiku lija la kope.

Mukaganiza zobzala maluwa a njuchi, dziwani kuti mwasankhanso kusiya mankhwala ophera tizilombo pabwalo lonselo, osati pa maluwa okhawo. Mphepo sidziwa malire. Nsabwe za zomera tsopano ndimazigwetsa ndi madzi a paipi, zikachuluka ndimapopera madzi a sopo pang'ono madzulo njuchi zitapita, pa nsonga zokhazo zimene zagwidwa. Nthawi zambiri ndimangodikira. Ndinadzazindikira kuti ntchentche zamizeremizere zija zimaikira mazira pafupi ndi nsabwe, ndipo mphutsi zake zimadya nsabwezo. Tizilombo tina tozungulira tofiira ta madontho akuda timachitanso chimodzimodzi. Mankhwala anga aja anapha ndi othandiza amenewa. Ndikamagula chomera chatsopano ndimafunsanso ngati chinathiridwa mankhwala olowa m'thupi mwake, ndipo ngati wogulitsa sakudziwa, ndimathothola maluwa oyambirira.

Njuchi zinabwerera pang'onopang'ono maluwa atsopano atatuluka. Nthawi imeneyo ndinaona timaenje ting'onoting'ono pakona ina pamene chomera chinakana kuyanga chifukwa nthaka ndi youma komanso yamchenga. Kaenje kalikonse kanali ndi kamulu ka dothi pakamwa. Ndinaganiza kuti ndi nyerere, ndipo ndinali nditatenga kale khasu kuti ndigalauze n'kubzalapo mbande. Koma nkhani ya mankhwala ija inali itandiphunzitsa kuyamba ndaona ndisanachite kanthu. Ndinakhala pansi n'kudikira. Patapita kanthawi kanjuchi kanatera, miyendo ili yachikasu ndi mungu, n'kulowa m'kaenje. Amayi achikulire aja anandifotokozera kuti mwa mitundu 10 iliyonse ya njuchi, pafupifupi 7 imamanga zisa zake m'nthaka, ndipo zambiri zimakhala zokhazokha, yaikazi iliyonse ndi dzenje lake, mmene imaikamo mungu ndi dzira. Siziteteza chisa mwaukali ngati njuchi za m'ming'oma. Ndikanakuta bwalo lonse ndi maluwa monga ndinkafunira, zikanakhala ndi chakudya koma zopanda pogona. Kona imeneyo ndinaisiya yopanda kanthu, sindiithirira, sindiilima, sindiikapo zinyalala zophimbira. Ndi malo a mita imodzi mbali zonse, ndipo alendo amaiona ngati malo amene ndinalephera kubzala.

Pali vuto lina limene sindingalibise. Maluwa apansi amaika njuchi pamene mapazi amaponda. Tsiku lina mwana wanga anathamanga pabwalo wopanda nsapato n'kuponda njuchi ya uchi, ndipo inamuluma kuphazi. Ndinakanda mbola ndi chikhadabo mwamsanga, n'kuikapo nsalu yozizira, ndipo kutupa kunatha patapita masiku awiri. Tinachita mwayi kuti thupi lake silidana ndi ululu wa njuchi. Anthu ena akalumidwa amatupa nkhope ndi kukhosi n'kubanika, ndipo zikatero pamafunika kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati pakhomo panu pali munthu wotero, musabzale maluwa otere pamene anthu amayenda kapena kusewera. Ife tinayala miyala yafulati kuchokera pageti kufika pakhonde, ndipo kachigawo kamene ana amakonda kusewera ndimakameta pafupipafupi kuti kasachite maluwa. Chomerachi chimapirira kupondedwa pang'ono, koma pamene anthu amadutsa tsiku ndi tsiku chimathothoka n'kusiya nthaka pamtunda, choncho miyalayo inathandiza pawiri.

Nyengo yozizira ndi yachilala itafika, bwalo linayamba kufiira. Masamba ambiri anayoyoka, tinthambi tinaoneka ngati taumiratu. Mtima wanga unagwa, ndinkaganiza kuti ntchito ya zaka ziwiri yathera pomwepo. Ndinakanda kanthambi ndi chikhadabo, m'kati munali mobiriwira. Chomerachi chimagona nyengo ikaipa, sichifa msanga. Ndinkathirira kwambiri kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu, osati pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo kutayamba kufunda chinaphukanso. Muyenera kudziwiratu kuti pali miyezi imene bwalo lotere silikongola. Amene akufuna kubiriwira kofanana chaka chonse akhumudwa. Nyengo imeneyo ndi imenenso inandionetsa kuti chomera chimodzi sichikwanira, chifukwa chikagona njuchi zimasowa chakudya. Chaka chachitatu ndinabzala m'mbali tizitsamba tachibadwidwe ta m'dera lathu timene timachita maluwa nthawi zosiyana, tina ta maluwa aatali ngati lipenga oyenera agulugufe ndi njuchi zikuluzikulu. Ndinaikanso kambale ka madzi kodzaza timiyala kuti njuchi zizitera osamira, ndipo madziwo ndimawasintha pakapita masiku awiri kuti udzudzu usaswerane. Mbozi zikadya masamba ena ndimazisiya, chifukwa gulugufe amachokera ku mbozi.

Ndikawerengera zonse, ndalama zambiri zinapita ku zinthu zimene sizinathandize: machubu 60 a chomera cholakwika, madzi othirira tizidutswa timene tinauma, feteleza, ndi botolo la mankhwala lija. Zimene zinagwiradi ntchito, makatoni akale, masamba ouma ndi mbande zodzikonzera ndekha, sizinanditengere ndalama zoti n'kudandaula nazo. Zinanditengera nthawi ndi msana. Ndikanayamba ndi kufunsa dzina la chomera, kenako kuphimba kapinga milungu 10 kwinaku ndikukonza mbande, bwalo likanatheka m'miyezi 7 kapena 8 m'malo mwa zaka ziwiri. Ndikanayambanso ndi kachigawo kakang'ono, mwina mamita awiri mbali zonse, n'kumakulitsa nyengo ndi nyengo, chifukwa kulakwitsa pa malo aang'ono kumakonzeka ndi tsiku limodzi.

Musaganize kuti ntchito inatha. Sinditchetchanso mlungu uliwonse, ndipo madzi othirira ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi nthawi ya kapinga, koma chomerachi chimayanga kulowera kulikonse kumene kuli nthaka. Kamodzi pamwezi ndimazungulira m'mbali ndi chikwanje kudula nthambi zimene zikulowa m'mabedi a tizitsamba, pa miyala yoyendapo, ndi pakona ya njuchi ija. Kangalande kaja ndimakayang'anabe, chifukwa kapinga wakunja amayesa kulowa nthawi zonse mvula ikagwa. Mwana wanga, amene tsopano ali ndi zaka 10, anabwerezanso kuwerenga kwa mphindi 10 kuja mwa kufuna kwake, koma anasiyira panjira chifukwa tinjuchi tating'ono tinkachuluka kuposa mmene dzanja lake likanalembera. Dzulo ndikukonza m'mbali mwa mpanda ndinapeza kamphukira ka masamba onyezimira kakusuzumira kuseri kwa thanki ya madzi, ka chomera chachikasu chija chimene ndinachizula zaka zoposa ziwiri zapitazo. Ndinakakumba ndi mizu yake yonse n'kukaika m'thumba lakuda, kenako ndinapita kukawauza amayi oyandikana nafe aja kuti ayang'anenso mbali yawo ya mpanda.